Achemwali anga anazimitsa ng'anjo poopa fomu ya Edina

Masiku apitawa ndachita chinthu chopusa, ndipo ndikufuna ndichiulule ndekha anthu asanayambe kundinenera kumbali. Ndinaimba foni imodzi, ya mphindi ziwiri zokha, ndipo kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhale m'malo.

Nkhani yake ndi ya Edina, mwana wa mlongo wanga wamng'ono. Anakulira m'nyumba mwanga pa boma pa Chikwawa, ndipo tsopano akuchita digiri yachiwiri ya zamalonda ku Blantyre. Mutu wake umagwira ntchito mwana ameneyu, sanatengere malume ake.

Kusukulu kwawoko kuli lamulo. Pa tchuthi chachitali cha pakati pa maphunziro, wophunzira aliyense apeze bizinesi yeniyeni, akhale nayo masabata asanu ndi atatu, afufuze chimene chikuivuta, aipatse upangiri, kenako alembe lipoti. Koma asanayambe, mwini bizinesiyo asayine fomu yovomereza, yokhala ndi dzina lake, nambala ya chiphaso chake, ndi kukula kwa ntchito yake. Fomuyo ikapanda kufika kusukulu pofika Lachisanu la sabata ino, Edina watsalira. Anzake adzavala mikanjo iye akudikira gulu lotsatira, chaka chathunthu.

Pamwamba pa fomuyo analembapo kuti ndi ntchito ya m'nyengo yotentha. Mu Juni! Amene anakopera pepala limeneli kumene analikoperako ndimamufunira ulendo wa ku Nsanje mu Okutobala, adzaone chimene ife timachitcha kutentha.

Anzake a Edina sanavutike. Wina ali ndi bambo ake aang'ono ku banki, wina mlamu wake ali ndi kampani ya magalimoto. Anaimba mafoni, mafomu anadindidwa, nkhani inatha. Edina yekha ndiye anakakamira.

"Malume, ine ndikufuna ndikachitire kwathu," anandiuza choncho. "Zimene ndikuphunzirazi zikapanda kugwira ntchito m'chigwa, ndiye ndikuphunzirira ndani?"

Ndinanyadira, ndisaname. Ndinauzako ndi anzanga a pabawo.

Masabata atatu mwana anayenda m'mageti a makampani akuluakulu a m'chigwa muno, envelopu ili m'manja. Mukuwadziwa mageti amenewa. Mlonda amakuyang'ana kuyambira kunsapato, n'kukuuza kuti usiye kalata. Pena anamuuza kuti abwana ali kumsonkhano, ndipo msonkhanowo sunathe mpaka lero. Pena anati malo anatenga kale wophunzira wina wochokera kunja. Pena anangomufunsa kuti, "Mwatumidwa ndi ndani?" Atayankha kuti wadzituma yekha, zenera linatsekedwa.

Ndiye ine, katswiri wa nzeru, ndinabwera ndi ganizo. Tikupemphereranji pa mageti a eni ake pamene pabanja pathu pomwe pali bizinesi?

Achemwali anga aakulu, mayi Zuze, amakhala ku Chiromo, ndipo akhala akuwamba nsomba zaka zoposa makumi atatu. Amagula mlamba ndi makakana kwa asodzi a kudambo, n'kuwamba pa ng'anjo zinayi kuseri kwa nyumba, mothandizidwa ndi amayi asanu ndi mmodzi. Sabata iliyonse madengu awo amakwera chitunda kupita ku Limbe. Sukulu analekezera sitandade fili, koma ana awo atatu anaphunzira ndi utsi umenewo. Ngati imeneyi si bizinesi, ndiye bizinesi ndi chiyani?

Edina anaimbira mphunzitsi womuyang'anira. Bamboyo anang'ung'udza kaye, poti achemwali alibe chidindo, koma anavomera kuti wapampando wa msika akadindapo chake, zitheka. Tinasangalala ngati tamaliza kale.

Apa m'pamene ndinaimba foni ija. Ndinati, "Achemwali, Lolemba tikubwera ndi Edina. Ali ndi mafomu, akufuna akufunseni mafunso pa ntchito yanu." Ndinadula.

Ine, wobadwira m'chigwa muno, wa imvi kumutu, kunena mawu amenewo pa foni osawonjezerapo kanthu! Mlendo wa ku Lilongwe ndikanamukhululukira.

Lolemba tinakwera minibasi mpaka pa Bangula, n'kuwoloka pa bwato. Masiku onse ndikamayandikira kwa achemwali, mphuno ndiyo imayamba kufika. Utsi umaonekera patali, amayi akuseka, mipeni ikulira pa matabwa, amphaka a mudzi wonse atazungulira ngati ali pa msonkhano wachipani.

Tsiku limeneli kunalibe utsi. Ng'anjo zonse zinayi zinali zozizira, ziwiri atazifunditsa mphasa zakutha. Pabwalo panali posesedwa bwino. Pansi pa mtengo panakhala amayi oposa makumi awiri, aliyense chiphaso cha unzika chili m'manja. Achemwali anatuluka atavala chitenje chimene ndinachiona komaliza pa maliro a bambo athu, chosuluka mpaka sungadziwe kuti chinali cha mtundu wanji.

Edina sanazindikire kanthu. Anagwada, anapereka moni, anatulutsa kope ndi cholembera.

"Amayi aakulu, pa sabata mumatumiza madengu angati ku Limbe?"

"Madengu ake ati, mwanawe?" anayankha achemwali, maso ali pansi. "Madzi anatenga zonse. Tikungokhala ife."

"Tikungokhala," anavomereza amayi a pansi pa mtengo aja, onse pamodzi, ngati kwaya.

Ndinayang'ana achemwali. Mwezi watha womwewu ananditumizira mlamba waukulu ngati mwendo wanga. Fungo la nsomba linali ponseponse, m'makoma, m'tsitsi mwawo, m'chitenje chomwecho. Iwo sanandiyang'ane.

"Nanga antchito muli nawo angati?"

"Antchito? Ine wamasiye?"

Mayi wina anakweza chiphaso chake. "Ifenso mutilembe, mwanathu. Ulendo watha anatidumpha."

Apo m'pamene Edina anazindikira kuti akumuona ngati wolemba mayina a olandira thandizo. Ndinaona nkhope yake ikugwa. Anaimirira n'kufotokoza mwaulemu kuti iye sanachokere ku bungwe lililonse, alibe chimanga, alibe mabulangete, ndi mwana wasukulu chabe amene akufuna kuphunzira ntchito ya amayi ake aakulu. Anafotokoza kawiri, chifukwa ulendo woyamba anthu anaganiza kuti akuwayesa.

Amayi aja ananyamuka mmodzimmodzi, akukutumula zitenje. Wina podutsa pafupi ndi ine ananena mokweza kuti ndimve: "Tasiya kudimba chifukwa cha zimenezi?" Sanalakwe.

Anthu atabalalika, achemwali anatilowetsa m'nyumba. Atatsegula chitseko cha kuchipinda, madengu anali atasanjikizana mpaka kudenga. Anali atagwira ntchito Lamulungu lonse kuwabisa. Anaseka okha, ifenso tinaseka, ngakhale kuseka kwanga kunali kowawa.

"Ukanandiuza kuti ndi zasukulu, mlongo wanga," anandidzudzula. "Wandiphetsa msana ndi madengu."

Edina anaika cholembera m'chikwama, ndipo pamenepo achemwali anamasuka. Anayankhula maola awiri. Ndakhala mlongo wawo moyo wanga wonse koma zambiri ndinazimva tsiku limenelo. Anafotokoza nkhuni zimene zimapatsa nsomba maonekedwe amene ogula a ku Limbe amakonda. Anafotokoza mmene amadziwira msodzi amene wagoneka nsomba m'bwato. Kenako anafika pa chimene chimawapweteka: nsomba yowamba bwino ndi youma, ndipo youma imaphwanyika. Makondakitala amaponda madengu, amakhazikapo anthu, amasanjikapo matumba a makala. Pofika ku Limbe, pansi pa dengu lililonse pamakhala zinyenyeswa zokhazokha, zimene amangopatsa ana a pamsika.

"Zaka zonsezi ndimawamba nsomba zoti zikafere pa chitunda," anatero.

Mukanamuona Edina! Maso anayera. Anayamba kujambula ndi chala pansi: mabokosi a matabwa opepuka, osanjikika, oti munthu akhalepo nsomba osamva kanthu. Anafunsa ngati amayi ena owamba angavomere kutumiza katundu tsiku limodzi pa galimoto imodzi. Anati zinyenyeswazo pali anthu oweta nkhuku amene amazifuna. Achemwali anasendera pafupi, akufunsa kuti bokosilo mpweya uzilowera pati, chifukwa nsomba ikatsekeredwa imachita nkhungu. Edina anati sanaganizepo zimenezo. Anayamba kukonzerana awiriwo, wa digiri ndi wa sitandade fili, ine ndikungoonerera pa mpando.

Ndinati mumtima, basi, zatheka.

Kenako Edina anatulutsa fomu.

Achemwali anaiyang'ana ngati mmene umayang'anira njoka imene yalowa m'khitchini. Anafunsa kuti palembedwa chiyani. Edina anawawerengera: dzina, nambala ya chiphaso, ng'anjo zingati, antchito angati, katundu wochuluka bwanji pa sabata.

"Nkhabe," anatero achemwali. Akakana m'Chisena ndiye kuti akana ndithu.

"Amayi aakulu, ndi zasukulu zokha. Palibe wina adzaone."

"Iwe udzakhala ukulilondera pepalalo? Pakamwa ndikuuza chilichonse, mwanawe, ngakhale ubwere tsiku lililonse. Koma pa pepala, nkhabe."

Ndinalowererapo ngati mwamuna wa pabanja. Ndinati achemwali, mwana atsalira chaka chathunthu. Ananditembenukira.

"Iwe madzi atabwera unali kuti? Unali pa boma, pouma. Ine ndinagona pakhonde la sukulu masabata asanu. Mnzanga uja wa kuseri kwa tchalitchi ukumukumbuka? Anabwera anyamata ena kale, madzi asanabwere, ndi mafunso awo okoma. Iye anawauza zoona, kuti ali ndi kagolosale ndi nyumba ya malata. Madzi anatenga golosale, anatenga malata. Pobwera mndandanda wa olandira, dzina lake panalibe. Akuti ndi wopeza bwino. Ankadya kwa ine, chifukwa ine ndinali nditayankha mwanzeru."

Analoza kuseri kwa nyumba, kumene kuli ng'anjo.

"Madzi adzabweranso. Iwe ukudziwa, ine ndikudziwa. Ng'anjo zangazi ndi zadothi, zimasungunuka tsiku limodzi. Pepala lako lidzatsala likunena kuti mayi Zuze ali ndi ng'anjo zinayi ndi antchito asanu ndi mmodzi. Tsiku limenelo adzandilemba ndani?"

Kodi mnzawoyo anadumphidwadi chifukwa cha mafunso a anyamata aja? Sindikudziwa. Mwina linali dzanja la wina wakaduka pamudzi, mwina kulakwitsa chabe. Koma achemwali amakhulupirira choncho, mudzi wonse umakhulupirira choncho, ndipo ine amene ndinagona pouma ndinalibe pakamwa powatsutsira.

Achemwali anayesa kuthandiza m'njira yawo. "Lemba kuti ndili ndi ng'anjo imodzi, ndimawamba pang'ono podyetsa zidzukulu. Ndisayina ngakhale kakhumi."

Edina anapukusa mutu. Lipoti lake likanakhala la mabokosi ndi galimoto yonyamula katundu. Munthu wa ng'anjo imodzi, wowamba zodyetsa zidzukulu, galimoto aifuniranji? Bodza la pa tsamba loyamba likanagwetsa masamba onse otsatira. Achemwali anapempha kuti abise dzina. Fomu ikufuna dzina ndi nambala. Edina anatuluka panja kukaimbira mphunzitsi uja, ndipo ndinamumva akuchonderera. Yankho linali lakuti malamulo ndi malamulo, anamuchitira kale chifundo pa chidindo.

Tinabwerera pa bwato, fomu ili yosasayinidwa. Ine ndinkayang'ana madzi.

Tsono, abale anga a m'chigwa, tiyeni tikambirane ngati anthu akuluakulu. Ndani mwa ife angawaseke achemwali anga?

Ine sindingathe. Chaka china kunabwera olemba mayina m'dera lathu, ndipo njinga yanga inagona masiku awiri kwa aneba. Ndili mphunzitsi, ndinaonapo ana akuuzidwa kuti mawa kukubwera alendo, nsapato musiye kunyumba. Sindinawauze ndine, koma sindinaletsenso. Tonse timaidziwa nyimbo imeneyi, mawu ake ndi mavinidwe ake. Galimoto yoyera ikaima, mbuzi zimapita kuthengo, wailesi imalowa pansi pa bedi, nkhope imagwa yokha.

Sitinabadwe otero. Amayi athu ankanyadira nkhokwe, mlendo akabwera ankamuzunguliritsa dala njira yodutsa pamene pali mapira. Ife taphunzitsidwa, chaka ndi chaka, madzi ndi madzi, kuti wonena zoona amagona ndi njala ndipo wodziwa kulira amadya. Phunziro limeneli talikhoza bwino kuposa lina lililonse.

Ndipo musaganize kuti ndikunyoza thandizo. Popanda ilo ambiri tikanaika m'manda. Chimene chikundiwawa n'chakuti munthu yekhayo amene wakhala akubwera kwathu ndi kope ndi amene akufuna kudziwa chimene tilibe. Sanabwerepo wofunsa chimene timadziwa. Ndiye tsiku limene wabwera, mwana wathu yemwe, wobadwa m'magazi athu, sitikudziwa kuti timuyankhe bwanji.

Nayonso sukulu ndili nayo mawu. Fomu imeneyi inalembedwera bizinesi ya mtundu wanji? Ya geti, mlonda ndi mlembi. Bizinesi imene ilibe choopa ikalemba kukula kwake, chifukwa madzi sangaichotse pa mndandanda uliwonse. Koma malonda amene amadyetsa chigwa chino ali pamitu ya amayi, m'mabwato, pa njinga. Aphunzitsi a zamalonda sakudziwa zimenezi? Amadya nsomba zochokera kuti? Mukuphunzitsa ana athu kupereka upangiri kwa anthu amene ali kale ndi alangizi, ndipo amene akuufuna mwawatsekera kunja ndi pepala limodzi.

Timakonda kudandaula kuti ana athu akaphunzira sabwerera kumudzi. Pa maliro aliwonse timanena, pa ukwati uliwonse timanena. Uyu anabwerera. Anayenda masabata atatu pa dzuwa, anawoloka pa bwato, anagwada pa dothi. Akuluakulu anamutsekera geti. Ang'onoang'ono tinamuimbira nyimbo ya umphawi. Amayi ake aakulu, amene amamukonda kuposa ana awo, anamuuza zonse n'kumumana dzina.

Ndafufuza woti ndimukwiyire sabata yonseyi, ndipo aliyense ndikamuyandikira ndikupeza kuti ali ndi chifukwa chake. Mlonda akusunga ntchito. Mphunzitsi akusunga malamulo. Achemwali akusunga malo awo pa mzere wa tsiku loipa. Ngakhale foni yanga ija, ndikaiganizira bwino, inangofulumizitsa zinthu. Ndikanafotokoza bwanji, amayi aja sakanasonkhana, madengu sakanabisidwa, koma fomu ikanatulukabe m'chikwama. Zimenezi ndiye zikundifooketsa, chifukwa cholakwa cha munthu mmodzi chimakonzeka.

Lachinayi masana Edina anaimba ali ku Blantyre. Mnzake wina anamutengera kwa achibale ake amene amagulitsa mipando ya m'maofesi. Bwanayo anadinda fomu osaiwerenga, ali pa foni ina. Anamuuza kuti asavutike n'kubwera tsiku lililonse, angolemba zimene akuona kuti sukulu ikondwera nazo, iye adzasayina.

"Ndiye zatheka, malume," anatero. "Sinditsalira."

Ndinamuyamikira. Ndinati wachita bwino, chaka si chinthu chosewera nacho. Ndinamufunsa ngati akadzamaliza adzayesenso za kuno.

Anandiyankha kuti, "Malume, ndinachita manyazi kwambiri pamaso pa amayi aja. Ndinaoneka ngati ndabwera kudzawanamiza. Sindikufuna kudzamvanso choncho."

Sindinamuumirize. Ndikanamulonjeza chiyani, kuti ulendo wina zidzasintha?

Dzulo m'mawa foni inaliranso. Anali achemwali, mawu ali mwamphamvu, kumbuyo kukumveka mipeni ndi kuseka kwa amayi. Anati apeza kalipentala pa Bangula amene wavomera kuyesa bokosi limodzi, koma akufuna miyeso. Anati ayankhula ndi anzawo atatu za galimoto ija, awiri avomera. Anati usiku wonse wa Lolemba ankaganiza za mpweya, ndipo apeza pamene mabowo angakhale.

"Ndiye mwana uja abwera liti adzationetse? Umuuze asatenge mapepala, angobwera. Chipinda ndamukonzera."

Ndinati ndimufunsa.

Mpaka pano sindinamufunse, ndipo achemwali sindinawaimbirenso. Masabata asanu ndi atatu amene akanakhala ku Chiromo, Edina akhala akulemba za mipando. Inu amene mumadziwa kuyankhula, ndiuzeni: mayi amene akudikira ndi kalipentala wakeyo ndikamuuze kuti chiyani?